Boti la Murdo pa Tsiku la Sabata

Thuza la katemera pamkono wa Morag linapsa m'mawa wa Sabata. Bambo ake, Dokotala Torquil Beaton, ataliona mtima unangoti myuu. Zaka zambiri anafufuza nthomba ku Edinburgh, ndipo ankadziwa kuti madzi a thuzalo amatengedwa likadali lakupsa, kuchoka pamkono wa mwana kupita pamkono wa mnzake. Pofika mawa likanauma. Kutsidya kwa nyanja, pachilumba choyandikana ndi chawo, nthomba inali itayamba kale kututa ana.

Anamugwira dzanja Morag mpaka kudooko. Murdo, mwini boti yemwenso anali mkulu wa mpingo, anaima pamenepo m'suti yake yakuda. Torquil anamupempha kuti awawolotse.

"Lero ayi, adokotala," anatero Murdo. "Ndevu zomwezi sindinamete, ndiye ndikagwire nkhafi?"

"Ana akufa, a Murdo."

"Mwini moyo akudziwa. Tiwoloka mawa."

Anthu a pachilumba chawocho pa Sabata ngakhale tambala ankamuvundikira m'dengu kuti asasokoneze tsiku la Mulungu. Kukangana nawo kunali kungotaya malovu.

Torquil ananyamula mwana wake, wa zaka zisanu ndi chimodzi, n'kumukhazika m'boti. Anamasula chingwe. Manja akewo ankadziwa mpeni wotemera basi, nkhafi anali asanaigwirepo. Funde loyamba linatembenuza boti cham'mbali, lachiwiri linakhuthulira madzi ozizira pamiyendo ya Morag.

"Ababa, tibwerere," mwana analira.

Torquil anagwiritsitsa nkhafi. Mantha anamugwira koopsa, koma anapitiriza kumenya madzi mwachisawawa, boti likulunjika kumiyala.

Kenako anamva kuti khuvu. Murdo anali m'madzi ofika m'chifuwa, suti ndi nsapato za kutchalitchi zomwe. Anakwera, n'kumulanda nkhafi.

"Musaganize kuti ndikuwolotsa inu," anatero akupuma wefuwefu. "Ndikupulumutsa mwanayu kwa bambo wake wopanda nzeru. Zimenezo Mulungu saletsa."

Anawongola boti, ndipo sanalibwezere kudooko. Analilozetsa kutsidya.

Atafika pakati, Murdo anayankhula osamuyang'ana Torquil.

"Mumadziwa kuti ndibwera."

"Ndimadziwa."

"Nanga ndikanapanda kubwera?"

 Torquil anatambasula dzanja kuti amufunditse Morag chikhoti chake, koma mwanayo anasendera kutali, n'kukakhala pamapazi a Murdo atagwira mwendo wa buluku lake lonyowa.