Kuthamangitsa Mkamwini mu Laputopu

Amayi a gulu loimba kaswida, nyimbo za Chisilamu, la kuseri kwa msika wa pa Boma anali atadzaza kale m'chipinda cha Mayi Ummy, ndipo phokoso lawo munthu akanalimva ali kudoko. Matiresi anali atawaimika m'zipupa kuti mabelu a njinga za kabaza asalowe m'nyimbo. Kutentha kwake osanena. Koma panalibe wodandaula, chifukwa linali tsiku lojambula nyimbo yawo yoyamba.

Ndipo linayenera kukhala tsiku lomwelo basi. Zahra, mnzake wa Ummy wa kuubwana, amene ankatsogolera nyimbo, ankakwera minibasi m'mawa mwake kupita ku Lilongwe kukachitidwa opaleshoni ya chithokomiro. Madokotala sanamubisire: chotupacho chidzachoka, koma mawu mwina sadzabwerera mwakale. Mawu amene anasangalatsa maukwati kuyambira ku Benga mpaka ku Liwaladzi, osajambulidwapo n'kamodzi komwe!

Wojambula anali Zaidi, mkamwini wa Ummy, amene amakhala ku Durban. Anatumiza laputopu ndi maikolofoni, n'kuikamo pulogalamu yomulola kulowa m'laputopumo iye ali komweko. Kamuvi kankayenda kokha pa sikirini, Ummy manja ali m'chiuno, akuuza aliyense wolowa kuti, "Ndi apongozi anga amenewo." Kudzichepetsa si matenda amene Ummy anadwalapo.

Ng'oma za madufu zinalira, Zahra anayambitsa, amayi anavomera. Atafika pakati pa nyimbo, kamuvi kanauma gwa! Laputopu inayamba kupuma mwawefuwefu ngati munthu wosenza thumba la mpunga. Anayambanso, zomwezo. Ulendo wachitatu Zahra anagwira pakhosi n'kupempha madzi ofunda, ndipo Ummy anachita mantha. Khosi limenelo silikanapirira tsiku lonse.

Foni inalira. Anali Zaidi, pa vidiyo.

"Amayi, ine kuno ndatsekeredwa kunja, sindikutha kugwira kanthu. Lozetsani foni pa sikirini, manja anga mukhale inuyo."

Ummy anavala magalasi, anakonza mpango, nakhala pansi monga munthu woitanidwa ku ntchito yaikulu. Zaidi anamuuza mabatani oti adine pamodzi. Panatuluka tsamba lokhala ndi mzere wodzaza mpaka pakamwa.

"Memori yatha, amayi. Ili ngati mkeka umene laputopu imakhazikapo ntchito zake. Ukadzaza, nyimbo imasowa pokhala."

"Ndiye wadzaza ndi ndani?"

Anayamba kusaka. Anatseka zithunzi za adzukulu zimene Ummy ankaonetsa alendo. Mzere unangotsika pang'ono. Anatseka masamba a intaneti, ayi ndithu. Mayi wina anati mwina ndi kutentha, nayamba kuikupizira laputopu ndi chivindikiro cha ndowa. Wina anati ndi nsanje ya gulu lina la kaswida la tsidya la msewu.

"Dinani pamwamba paja kuti chodya kwambiri chikhale poyamba," anatero Zaidi. Kenaka anayang'anitsitsa. "Aa! Ndi pulogalamu yanga yomwe yolowera. Ikudya bwanji chonchi? Taitseguleni."

Ummy anatsegula. Panatsika mndandanda wa alendo amene anali m'laputopumo. Zaidi. Zaidi. Zaidi. Anatsitsa ndi chala, ndipo maina sankatha. Onse anali Zaidi.

Nkhani yake inali iyi. Netiweki ya kuno imabwera ndi kuchoka mmene yafunira. Masabata onse okonzekera, ikaduka, Zaidi ankangolowanso mwatsopano, Zaidi wakale n'kutsala momwemo atagwira malo ake. Laputopu inkafunsa mwini nyumba ngati mlendo wotsalayo atulutsidwe. Funsolo Zaidi sankaliona, linkabwera kwa Ummy yekha.

"Ndiye munkayankha chiyani, amayi?"

"Ndinkakana, nanga n'kutani? Apongozi, ine ndikutulutseni m'nyumba mwanga? Anthu amve kuti Ummy wathamangitsa mkamwini? Ngakhale kuithimitsa laputopuyi sindinaithimitsepo, inu muli momwemo."

Amayi anagwa nako kuseka. Zahra anaseka atagwira khosi, misozi ili chuchuchu. Ummy anawayang'ana onse mwaukali, chifukwa kwa iye panalibe choseketsa: ulemu ndi ulemu, kaya ndi pakhonde kaya ndi m'makina.

"Amayi, ndikupempha ndine," anatero Zaidi, akudziletsa kuseka. "Ndithamangitseni."

"Popanda mboni ayi. Aitaneni akazi anu."

Sumaiya, mwana wa Ummy, anaonekera pa foni mwana ali kumsana. "Mayi, atulutseni onsewo. Mmodzi amene ndili naye kunoyu akundikwanira, mwinanso kupitirira."

Ummy anapumira m'mwamba, nati Bisimila, nadina.

"Pepani apongozi, muyende bwino."

Dufu linalira kamodzi, du! Mzere unatsika. Amayi analulutira.

"Pepani apongozi."

Du! Tsopano inasanduka nyimbo. Ummy akapepesa, amayi ankavomera kuti "Muyende bwino!", madufu n'kugunda. Anthu odutsa mumsewu anaima pawindo kufunsa ngati muli chinkhoswe. Atafika cha pakati, Ummy anali atazolowera moti ankadina osayang'ana, ndipo aZaidi omalizira anatuluka opanda ndi pepani yemwe. Laputopu inasiya kuwefuka. Anaithimitsa, anaiyatsanso, ndipo kamuvi kanayamba kuyenda kokha mwachangu.

"Ndalowa, ndipo ndili ndekha!" anafuula Zaidi. "Mayi Zahra, mukakonzeka."

Amayi anabwerera m'malo awo. Zahra anamwa madzi, anayandikira maikolofoni, natseka maso. Ummy sanaimbe nawo. Maso ake anali pa kamzere ka memori, milomo ikuyenda ndi pemphero. Nyimbo inafika pakati paja, inadutsa, inakwera. Pa ndime yomaliza mawu a Zahra anayamba kusasa, koma anawakoka mpaka kumapeto, ndipo dufu lomaliza litalira palibe anayerekeza kupuma.

"Yalowa yonse," anatero Zaidi. "Alihamudulila, yalowa yonse!"

Nthungululu zinaphulika. Amayi anakumbatirana, matiresi amodzi anagwa, Ummy anavina ndi magalasi ali pamphuno. Kenaka Zaidi anaiseweretsa nyimboyo, ndipo mawu a Zahra anadzaza chipinda, mwini wake ali chete.

Zahra anali asanadzimvepo. Anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja lili pa chotupa chija, akumvetsera ngati akumva mlendo.

"Ummy, ndine ameneyu?"

"Ndiwe, mnzanga."

Anamvetsera mpaka inatha. Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, nayang'ana anzake onse, nkhope ikuwala.

"Basi," anatero. "Mawa akadule."