Makhadi Oyanika Padzuwa

Monalisa Makwinja akagwira tinthu topyapyala tambiri m'manja sankatha kudziletsa. Amayi akamupatsa mabuku a sikelo ya ana, ankawagawa milu iwiri, kuwapinda pang'ono ndi zala, n'kuwalowetsana phwaa, kenako n'kuyamba kuitana mayina.

"Adokotala, ine ndafika mbandakucha, buku langa mwaliponya pansi!" mayi wina ankadandaula.

"Pepani mama, manjawa ndi osamva," iye ankayankha, amayi onse n'kuseka.

Sanali dokotala. Anali mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Phalombe, koma ku Wenya, kumpoto kumene ankagwira ntchito, aliyense wobaya jekeseni ndi dokotala. Ankayeza ana sikelo, kupereka katemera, ndi kubaya chala cha mwana wotentha thupi kuti aone ngati ali ndi malungo. Chimene amayiwo sankadziwa n'chakuti pansi pa bedi lake panali kabokosi ka makhadi. Sanali makhadi a juga ayi. Anali a zithunzi, amene anaphunzira kusewera ali pa maphunziro ku Mzuzu. Khadi lililonse linali msilikali kapena chilombo, mphamvu zake zitalembedwa m'munsi, ndipo osewera awiri ankamenyanitsa magulu awo mpaka wina atagonja. Ku Wenya kunalibe womusewera naye. Ankangowatulutsa atatseka chitseko, kuwayang'ana, n'kuwabwezera.

Ndiye mnzake Princess, namwino wa ku Karonga, atamuimbira kuti okonda masewera a patebulo akukumana Loweruka m'holo ya loji ina pa Boma, Monalisa sanaganize kawiri. Anakwera njinga yamoto ya Harrison, wakabaza amene ankamunyamula nthawi zonse.

"Kuli msonkhano wa ntchito, adokotala?" Harrison anafunsa ali m'njira.

"Eya, msonkhano."

M'holomo munali phokoso lokoma. Madala anadzaza matebulo a bawo, nkhomo zikulira khochokhocho. Aphunzitsi anali pa tchesi, nkhope zili gwaa ngati ali pa mayeso. Panali anyamata a drafuti, amalonda awiri a ku Tunduma, ku Tanzania, olankhula Chiswahili, ndi mtsikana wina wa ku Zambia amene anabwera ndi masewera omanga mizinda pa bolodi. Tebulo la makhadi a zithunzi linali pakona. Monalisa atakhala pansi, makhadi n'kulira phwaa m'manja mwake popanda womuseka, anamva ngati wavula nsapato yothina imene anayenda nayo chaka chonse.

Anasewera tsiku lonse. Anagonjetsa mphunzitsi wina wa ku Nthalire, anagonja kwa wapolisi wachitsikana, kenako anakumana ndi Princess.

"Iwe wakutchire, makhadi ako anunkha utsi," Princess anatero.

"Akukwapula akunukha choncho. Ponya."

Anamukwapuladi Princess. Anthu anaomba m'manja, Monalisa n'kuseka mpaka misozi.

Pa tebulolo panali mwambo wakuti masewera akatha, aliyense apatse mnzake amene wasewera naye khadi limodzi lachikumbutso. Monalisa anapereka msilikali wa pahatchi. Princess anasankha mosamala, n'kumukankhira khadi lonyezimira. Panali mkazi wotuwa, wa mano awiri ataliatali, magazi akutsika pachibwano, m'manja atagwira chikho chofiira.

Kuseka kunatha pakamwa pa Monalisa. Anakumbuka kwawo ku Phalombe, chaka chimene mphekesera ya anamapopa inavuta. Anthu ankagona panja m'magulu, misewu itatsekedwa ndi zipika. Mnzake wina wa ntchito anathamangitsidwa chifukwa cha bokosi la katemera, akuti ndi losungiramo magazi. Njinga yake anaitentha, iye n'kupulumukira m'munda wa nandolo, mutu utang'ambika.

"Ili ayi, Princess. Ndipatse lina."

"Wapenga? Limeneli ndi losowa, anthu akulisaka. Ukuopa pepala?"

"Sindikuopa pepala."

"Ndiye tenga, usandichititse manyazi."

Anatenga.

Lamulungu m'mawa, pobwerera, mvula inawapeza asanafike pakati. Inali mvula ya kumapiri, yosachenjeza. Pofika ku Wenya madzi anali atalowa m'chikwama, kabokosi katafewa ngati mkate, makhadi atamatirirana. Mtima unamuwawa. Dzuwa litatuluka anayang'ana uku ndi uku. Mudzi wonse unali kutchalitchi, ndipo njira yochokera kutchalitchi inkadutsa kutsogolo, kutali ndi nyumba yake. Anayala mkeka kuseri kwa nyumba, n'kuyanika makhadi limodzilimodzi, zithunzi zitayang'ana kumwamba, kamwala pa lililonse. Anati apumeko pang'ono pabedi. Tulo tinamuba.

Anaiwala chinthu chimodzi chimene mwana aliyense wa kumeneko ankachidziwa. Mvula ikagwa yambiri, kamtsinje ka panjira yaikulu kamadzaza, ndipo anthu amazungulira ku kanjira ka m'chimanga. Kanjirako kankatulukira kuseri kwa nyumba yake.

Anadzidzimuka ndi mawu. Atasuzumira pazenera anaona amayi ndi abambo atazungulira mkeka, Mabaibulo ali m'khwapa. Palibe amene ankayandikira kwenikweni. Bambo wina ankatembenuza khadi ndi kamtengo, monga amachitira ndi njoka yakufa. Pamkekapo panali zigaza, njoka za mitu yambiri, mizukwa, ndipo pakati penipeni mkazi wa magazi pachibwano ankanyezimira padzuwa.

Monalisa anatuluka.

"Monire mose. Awa ndi masewera chabe, ananyowa ndi mvula."

Palibe anayankha moni.

"Masewera," bambo wa kamtengoyo anabwereza. "Pa Sabata, anthu tili kutchalitchi."

"Ngati bawo, adada. Khalani pansi ndikuonetseni. Uyu amamenyana ndi uyu, amene ali ndi mphamvu zambiri..."

Anawerama kuti atole khadi, anthu onse n'kubwerera m'mbuyo nthawi imodzi. Mayi wina anaphimba mwana wake kumaso. Kenako anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osathamanga, osalankhula. Kukanakhala bwino akanamutukwana. Atatola makhadi ake anapeza kuti la mkazi uja palibe.

Lolemba linali tsiku la sikelo. Monalisa anapachika sikelo pa mtengo wa mango monga mwa masiku onse, kuyala tebulo, n'kukhala. Dzuwa linakwera. Pamalo pamene pankadzaza amayi ndi kulira kwa ana panali mbuzi zokha. Anthu ankadutsa patali, ena n'kuima, kuyang'ana, n'kupitirira. Njinga iliyonse ikalira kumsewu, ankatembenuka kuti aone amene akubwera.

Chakumasana kunabwera mayi mmodzi, Esther, amene Monalisa anamuthandiza chaka chatha mwana wake atatsegula m'mimba. Anaima kutali ndi tebulo. Mwana kumsana anali lende, milomo itauma.

"Watentha usiku wonse," Esther anatero, maso ali pansi. "Mundipatse waka mankhwala basi."

"Bwera naye ndimuyeze kaye. Kadontho kamodzi basi, ukudziwa kale."

Monalisa atang'amba kapepala ka kobayira, Esther anagwira dzanja la mwanayo n'kulibisa m'chitenje.

"Yayi, adokotala. Magazi yayi."

"Esther, ndi ine ndemwe. Ndamubaya kangati mwanayu?"

"Ndicho chifukwa chake. Akuti timagazi timene mumatenga mumakapereka pa Boma. Akuti Loweruka munali kumeneko, m'nyumba yotseka, ndi anthu a ku Tanzania."

"Akuti ndani?"

Monalisa anayang'ana mwanayo, mmene ankapumira mothamanga. Lamulo la ntchito linali lakuti asapereke mankhwala a malungo asanayeze. Anatsegula bokosi, kutenga paketi, n'kuiika pamwala pakati pa iwo awiri.

"M'bulu umodzi pompano, wina madzulo. Akayamba kukomoka usadikire, thamangira kuchipatala chachikulu. Wamva?"

Esther anatola paketiyo ndi nsonga ya chitenje, osaikhudza ndi dzanja, n'kupita.

Monalisa atafika kunyumba anapeza mayi Justina Nyakaonga, eni nyumba imene ankakhalamo, atakhala pakhonde. Anali mayi wamasiye wosaopa munthu, amene ankamutchula Monalisa kuti mwana wake kuyambira tsiku limene anafika. Tsiku limeneli sanaseke. Anamukokera m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Mwana wane, wachita vichi?"

"Palibe, mama. Ndi masewera."

"Ine ndikudziwa kuti ndiwe chitsiru chabe, si mfiti. Mfiti yanji yoyanika ufiti wake pamkeka ngati ufa? Koma ndili ndekha wodziwa zimenezo." Anatsitsa mawu. "Chithunzi chako chija chili kumsika. Achikhoma pa mtengo ndi msomali, aliyense akuchiona. Anyamata ayamba kumwa m'mawa. Akuwerenga ana amene anamwalira chaka chino, ndipo aliyense akuti unamubayapo chala."

"Ndinabaya ana onse a m'dera lino! Amoyowo sakuwawerenga?"

"Amoyo sawerengedwa pa tsiku ngati lino."

Monalisa anakhala pabedi. Anamva fungo la mphira woyaka ngakhale kuti panalibe chimene chinkapsa. Anayesa kuimbira abwana ake pa Boma. Foni inalira, n'kuduka. Anayesanso, netiweki n'kuthawa.

"Akuluakulu a mpingo anabwera kwa ine," mayi Justina anapitiriza. "Akuti mawa m'mawa ubwere ndi zonsezo pabwalo la tchalitchi, uzitenthe pamaso pa anthu, ugwade akupempherere. Akuti mwina mitima ingatsike."

"Mwina."

"Enya, mwina."

Monalisa anayang'ana kabokosi kofewa kaja. Sikuti ankawakonda makhadiwo kuposa moyo wake. Akanatha kuwaponya m'chimbudzi nthawi yomweyo. Koma anali ataonapo bwalo lotero kwawo. Anthu samabwera kudzaona pepala likupsa.

"Mama, ndikagwada n'kuwatentha, ndiye kuti ndavomera. Akadzafunsa kuti magazi a ana athu unapititsa kuti, ndidzayankha chiyani? Ndili pakati pawo, moto uli kale pomwepo?"

Mayi Justina anakhala pabedi pafupi naye.

"Ndimafuna undiuze kuti ndikuganiza molakwa," anatero. "Nanenso ndaona chimodzimodzi. Ndipo sindikudziwa ngati anyamatawo adikire mawa."

Kunja kunamveka mluzu, kenako kuseka kwa amuna, chakumsika. Onse awiri anatembenukira kuzenera. Phokosolo silinayandikire, komanso silinathe.

Monalisa anakwera pampando pakona pamene netiweki inkagwira, n'kuimbira Harrison. Anayankha monong'ona.

"Adokotala, mwandiika m'mavuto. Andifunsa kuti ndinakusiyani pati Loweruka. Ine ndangonena zoona, kuti pa loji. Munati msonkhano."

"Ndinanama, pepa. Unditenge, Harrison. Lero, dzuwa lisanalowe."

"Pakhomo panu sindingafike. Anditenthera njinga."

"Ndiye kuti?"

Anapuma mwamphamvu. "Kuseri kwa chigayo chakale, panjira ya kumapiri. Ndiima ngati ndikukonza tcheni. Mukachedwa ndinyamuka. Ndipo musabwere ndi chikwama, aliyense adziwa."

Monalisa anatsika pampando. Anayang'ana m'chipindamo: makatani amene anasoka yekha, mbaula, nyemba zimene mayi wina anamupatsa mwana wake atachira. Anaganiza za mwana wa Esther, ndi ena amene adzatenthe thupi sabata ino popanda wowayeza. Kenako anakoka chikwama pansi pa bedi.

Anaikamo yunifolomu, masatifiketi, zovala zochepa, ndi chithunzi cha mayi ake. Makhadi anawakulunga m'thawulo n'kuwaika pansi penipeni.

"Zimenezonso ukutenga?" mayi Justina anafunsa.

"Ndikazisiya azipeza m'nyumba mwanu."

Bokosi la mankhwala analikhoma, kiyi n'kumupereka kwa mayiwo.

"Mudzapereke kwa amene adzatumizidwe m'malo mwanga. Ngati kudzabwere wina."

Mayi Justina anamangirira kiyiyo pa nsonga ya chitenje. Anatuluka, n'kubwera ndi thumba la chimanga losadzaza. Analowetsamo chikwamacho, kuthira chimanga pamwamba, kumanga kukamwa ndi luzi, n'kudzitwika pamutu.

"Ine ndikupita kuchigayo," anatero. "Iwe utenge ndowa, udutse kumjigo ngati ukukatunga madzi. Usathamange. Wina akakupatsa moni, uyankhe."

"Akapanda kundipatsa?"

"Uyendebe."

Mayiwo anatsegula chitseko n'kutuluka, thumba lili pamutu. Monalisa anatenga ndowa.