Mimba ya Febe Imene Sinabadwe

Nkhondo ya Azungu itangotha, mimba ya Febe wa ku Nambuma inayamba kukula, chonsecho mwamuna wake Januario anali atakhalitsa ku Halale, kuminda ya fodya. Febe akatulukira pachitsime, amayi ankangoti zii.

Marita, mlongo wake wa Januario, ananyamuka ku Kabudula nadzapeza Febe akukumba mtedza.

"Mlamu, mutchuleni mwamunayo."

"Akanakhalapo ndikanamutchula." Febe anatsamira khasu chifukwa cha chizungulire. "Funsani amayi a pano. Mwezi ndi mwezi mchere m'ndiwo amachita kundithirira, magazi osakata. Munamuona kuti woyembekezera akusamba?"

"Nanga m'mimbamo muli dzungu?"

"Kaya. Koma mwana mulibe."

A Nicholas, aphunzitsi a patchalitchi, analengeza Lamulungu kuti Febe asalandire Ukaristia mpaka atalapa. Iye anayankha ali pakhomo pomwepo kuti sangalape tchimo la m'mitu mwa anthu ena.

Nthawi yochira inakwana, inapitirira, mwana osabadwa. Febe anafooka, zikhatho zinayera ngati ufa. Atamva kuti kuchipatala cha mishoni kwabwera dokotala wachizungu, anapita kukamutenga Marita. "Tiyeni mukadzimvere nokha. Pakamwa panu ndi pamene panayambira nkhaniyi."

Dokotala anamupima, sisitere akumasulira. Chinali chotupa cha m'chiberekero, nyama yolimba, osati mwana. Kuchichotsa kunkafunika kung'amba pamimba, koma magazi m'thupi mwake anali atachepa kwambiri. Dokotalayo anati anali ndi jakisoni wa mankhwala ofanana ndi mphamvu ya m'thupi mwa amuna. Chotupacho sangachithetse, koma magazi angachepe kutuluka. Anachenjezanso kuti mawu akhoza kunenepa, ndipo pachibwano pakhoza kumera tsitsi.

"Ndevu?" Marita anagwira pakamwa. "Mlongo wanga adzafikire mkazi wandevu? Dikirani abwere, avomereze yekha."

"Magazi akutayikawa ndi a Januario kodi?" Febe anatembenukira kwa sisitere. "Auzeni abaye."

Anayenda ulendo wa kuchipatala kangapo mpaka jakisoniyo anatha. Magazi anachepadi. Mvula itagwa anapalira munda wake yekha. Mawu ananenepa, ndipo tindevu tinamera. Amene ankamunena chigololo anasintha nyimbo, ankati mkazi wandevu ndi mfiti. Febe sanazule ngakhale kamodzi.

Bambo mfumu atamva kwa sisitere, anatuma a Nicholas kwa Febe. Anafika mozemba, chipewa kumanja, n'kunong'ona kuti tsopano akhoza kulandira Ukaristia.

"Munandiletsa pagulu, aphunzitsi. Mukandilolezenso pagulu."

Lamulungu a Nicholas analengezadi, koma mawu akutafunira m'kamwa. Febe anaimirira kumbali ya amayi, chotupa chili patsogolo.

"Kwezani mawu! Akumbuyo sanamve."

Tchalitchi chonse chinacheuka kufuna mwamuna amene walankhulayo. A Nicholas anabwereza, thukuta lili kamukamu.

Januario anabwera anthu atakolola, sutikesi ili paphewa. Anali atadzera kwa mlongo wake, choncho zonse ankazidziwa. Anaima pabwalo akuyang'ana mimba, akuyang'ana chibwano.

"Mwandiona," anatero Febe. "Chotupachi chilipobe, mwina ndidzafa nacho, ndipo mwana mwina sindidzakuberekerani. Mudzi uno ndi wa amayi anga, sindichoka. Ngati mukhala, khalani. Ngati ayi, njira ya ku Kabudula mukuidziwa."

Januario anatula sutikesi pakhonde, kenaka anafunsa ngati chotupacho chimawawa.

"Nthawi zina," anatero Febe, namusunthira mpando.