Mivi Yoloza ku Zenera

Anthu a njinga zothamanga aja sayang'ana kumwamba. Amazyolikira pa handulo, maso ali pa phula, ndipo kumene waloza muvi wa penti n'kumene amapita, ngakhale utaloza m'khola la nkhumba. Zimenezi ankazidziwa bwino bambo wina wa m'mudzi wa pakati pa mapiri, chifukwa ndiwo ankajambula miviyo. Dzina lawo lenileni linachita kuiwalika. Ana ndi akulu omwe ankangoti a Mivi.

Gulu la njinga linkachokera ku tauni Loweruka lililonse m'chilimwe. Njira zinalipo zitatu. Ya mivi yoyera inkatsata mtsinje, ya anthu a mimba zawo ndi ongoyamba kumene. Yachikasu inkazungulira nkhalango ya bulugamu. Yofiira inkakwera mpaka pa nsanja ya mafoni n'kukatsikira kuseri. Zonse zinkayambira pamodzi n'kupatukana pa mphambano ya pamlatho, ndipo pamenepo ndi pamene akazi a a Mivi ankakhala zaka zonsezi ndi dengu la nthochi ndi ndowa ya madzi. Mayiwo ankawadziwa bwino okwera njingawo kuposa abale awo. Ankawazindikira ndi mapumidwe awo, wina asanatulukire n'komwe pokhota.

Chaka chimenecho mayiwo anafa ziwalo mbali imodzi. Nyumba yawo inali pamwamba pa chitunda cha msewu wakale, umene masiku ano umangodutsa mbuzi ndi galimoto ya mkaka. Anayesa kamodzi kuwanyamula kuti akawakhazike kumlatho, koma anakomoka asanatuluke pa geti. Ndiye anangowasunthira bedi pa zenera. Loweruka likafika ankadzuka m'mamawa, n'kupempha mng'ono wawo, amene anabwera kudzawadwazika, kuti awamange duku labwino. Kenako ankayang'ana msewu wopanda kanthu mpaka dzuwa kupendeka.

"Adutsa?" ankafunsa madzulo, lilime likulemera.

"Adutsa, mayi. Akupatsani moni."

"Bodza simulitha, bambo."

Tsopano mitambo inali itayamba kusonkhana kuseri kwa mapiri, ndipo Loweruka lomwe linkabweralo linali lomaliza mvula isanatseke misewu. A Mivi ankaona mmene mkono wa akazi awo unkapyapyalira. Za chilimwe china sankafuna n'kuziganiza.

Loweruka lija kutangocha anatulutsa njinga yawo yakale, namangirira zitini ziwiri pa kaliyala, burashi ndi tsache. Mlamu wawo anali pakhomo akutsuka mapoto.

"Alamu, penti yakudayo ndi ya chiyani? Mwayamba kupenta maliro?"

"Ndikukaona msewu."

"Wadwala msewuwo?"

"Tsukani mapoto, alamu. Ndipo zenera la achemwali anu mulipukute."

Mlamuyo anawayang'ana nthawi yaitali, sopo akudontha m'zala.

Nkhungu inali itadzaza chigwa chonse ngati mkaka m'mbale, nsonga za mapiri zikuyandama pamwamba pake. A Mivi anatsetsereka osapalasa, namira m'kuyera kuja, moti mlatho anaumva ndi matayala asanauone. Pa mphambano anagwada. Anafafaniza zakale ndi penti yakuda, kenako anatsegula yofiira. Pokhota paliponse pamafunika mivi itatu: woyamba wochenjeza munthu akadali patali, wachiwiri pokhotera penipeni, wachitatu kutsogolo pang'ono, womutonthoza mtima kuti sanasochere. Anajambula itatu yonse kuloza ku msewu wakale. Wachitatuwo anaukometsera kwambiri, nsonga yake yosongoka bwino, chifukwa ndiwo unali wabodza kuposa inzake.

Anakwera chitunda akukankha njinga, akudontheza muvi apa ndi apo. Atapitirira nyumba yawo anafika pokhota pena poipa, pamene madzi amasiya timiyala, nasesa mpaka msana kuwawa. Tayala lopyapyala ngati chala silikhululukira kamwala. Sankafuna kuti chisangalalo cha akazi awo chilipiridwe ndi khungu la mwana wa mwini.

Atabwerera anakhala m'mphepete mwa bedi. Mayiwo anali atamangidwa kale duku.

"Mukununkha penti."

"Ndi ntchito yanga."

"Lero mwachedwa kubwera. Mwalakwa chiyani?"

Asanayankhe, kunamveka kulira kwa matcheni kumusi, kofewa ngati njuchi zili m'mphako. Mayiwo anatukula mutu pa pilo. Mu nkhungu munatuluka zipewa, kenako misana yopindika, malaya ofiira ndi obiriwira, anyamata amphamvu a njira yofiira ataimirira pa mapedulo, njinga zikugwedera uku ndi uku. Anadutsa pansi pa zenera ngati nsomba zodutsa pansi pa bwato, nkhungu n'kuwameza. Palibe anatukula maso.

Kunakhalanso zii. Ntchito yonse ija, n'kungopereka kamphindi kosakwana kumeza malovu.

"Anali iwo?" mayiwo anafunsa. "Kapena ndimalota?"

"Anali iwo, mayi."

"Sindinaone nkhope."

Mayiwo anatseka maso. A Mivi anakhala akuyang'ana penti yofiira m'zikhadabo zawo. Mlamu uja anaima pakhomo pa chipinda akupukuta manja m'chitenje.

Patapita nthawi kunamveka phokoso lina, lachilendo. Kho, kho, kho, ngati gulu la abulu likuyenda pa simenti. Mlamu anasuzumira pa zenera.

"Alamu, kodi pamlatho paja mwafafaniza mivi ingati?"

Apo m'pamene a Mivi anakumbukira. Mu nkhungu muja, mtima uli m'mwamba, anali atapaka penti yakuda pa yonse. Yoyera, yachikasu, yonse. Pa mphambano panatsala muvi wofiira wokha, ndipo anthu osayang'ana kumwamba aja anautsata onse.

Ankabwera wapansi. Nsapato zawo za zitsulo kunsi n'zimene zinkalira pa phula. Abambo a mimba zawo, amayi ovala magalasi akuda, mnyamata wina wonenepa atakoleka chipewa pa handulo, aliyense akukankha njinga yodula, nthunzi ikufuka m'misana. Ankatuluka mu nkhungu mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, moti munthu ukanatha kuwerenga makwinya a pamphumi pawo. Pamene chitunda chimathera ndi pa geti ya a Mivi, ndipo pamenepo ndi pamene anagwera pa udzu, ena chagada.

"Madzi, chonde," wina anatero. Atatukula mutu anaona duku pa zenera. "Aa, si amayi a nthochi aja awa?"

Anadzuka onse. Anadzazana pa zenera, zipewa zikugundana, manja a thukuta akulowa m'chipinda kudzagwira dzanja lamoyo lija.

"Amayi, munatithawa bwanji? Amene amagulitsa pamlatho masiku ano amatipatsa zosapsa."

"Inu a mimba," mayiwo anatero, mawu akutuluka mokoka, "simunachepe."

"Ndikuyesetsa, amayi."

"Mukuyesetsa kudya."

Kuseka kunamveka mpaka ku khola. Mbali imodzi ya nkhope ya mayiwo inkaseka, inayo ili phee ngati ikumvetsera. Mlamu anatulutsa ndowa ndi makapu onse a m'nyumba, ngakhale kakapu kosweka mkono komwe.

Wapampando wa gululo anafika mochedwa, atafiira maso. Anawakokera a Mivi pambali.

"Bambo, anthu awa ena ali ndi matenda a mtima. Mukudziwa zimene mwachita?"

"Ndikudziwa, bwana. Zina ndinafuna, zina zangochitika."

"Penti ndi maburashi mubweze Lolemba. Tipeza wina."

A Mivi anavomera ndi mutu. Wapampandoyo anayang'ana ku zenera, anayang'ananso pansi, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati kutsikira kuseriko kunali bwino.

"Ndasesa," anatero a Mivi.

Anthu anayamba kukwera njinga zawo, nsapato zikulumana ndi mapedulo. Mmodzimmodzi anatsetsereka, osapalasa, kulowa mu nkhungu imene tsopano inali itayamba kuwala ngati ili ndi nyali m'kati. Mlamu anatola makapu. A Mivi analowa kuti atseke zenera, poti mphepo inali itayamba kuzizira.

"Musatseke," mayiwo anatero. "Watsala mmodzi."

"Apita onse, mayi."

"Aphunzitsi opuma ntchito aja. Satsika njinga amene aja, ngakhale pa khoma."

Anadikira. Kunja kunkangomveka madzi akudontha m'masamba. A Mivi anakhala pa bedi, natenga dzanja lakufa lija n'kuliika pa bondo pawo. Kenako, kutali kumusi, tcheni chinalira kamodzi, n'kukhala chete, n'kuliranso. Mu kuyera kuja munaoneka imvi pansi pa chipewa, ndi tayala lakutsogolo likupita uku ndi uku, likuyenda pang'onopang'ono kuposa munthu wapansi.

"Ndikhazikeni tsonga, bambo," mayiwo anatero. "Asandipeze nditagona."