Dzanja la pa Chikho

"Gwirani makwererowa bwino, a Ulimbo, ndingagwe pamodzi ndi timu yanu yonse," anatero a Wazithunzi ali pamwamba, msomali uli pakamwa.

"Manja awa sanagwetsepo kanthu. Khomani msomaliwo," anayankha a Ulimbo.

Dzina loti Ulimbo analitenga ali goloboyi wa timuyi, chifukwa mpira ukangokhudza zala zawo unkakakamira pomwepo. Tsopano mutu unali mbuu, ndipo ntchito yawo inali yotchetcha kapinga ndi kuthira laimu m'mizere ya bwalo. Koma Loweruka la sabata imeneyo timu inkatsegula chipinda cha ngwazi zake, ndipo komiti inali itasankha iwo kuti azichiyang'anira ndi kufotokozera alendo mbiri ya zikho. Mawondo awo anali atayamba kale kuthokoza.

M'chipindamo munkanunkha penti. Zikho zisanu ndi ziwiri zinali zitandandalikidwa m'kabati ya magalasi. Choyamba chija, chimene timu inatenga zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo, chinali chaching'ono kuposa zonse, chokhala ndi zogwirira ziwiri ngati makutu. Pamwamba pake m'pamene a Wazithunzi ankapachika chithunzi chachikulu cha anyamata a tsiku limenelo.

Atatsika, onse awiri anabwerera m'mbuyo kuti aone ngati chawongoka. A Ulimbo anadziona ali pakati, tsitsi lili bii, atagwira khutu limodzi la chikho. Anawerenga anzawo ndi chala. Anawerenganso kachiwiri.

"Tilipo khumi apa."

A Wazithunzi anayamba kupinda makwerero osayang'ana kumbali. "Ine ndimangochita zimene ndauzidwa, achikulire. A Tcheya anati munthu ameneyo ndimuchotse, ndiye ndamufufuta pa kompyuta. Koma dzanjalo landikanika. Ndikati ndilichotse, khutu la chikho likuchokera limodzi."

Pa khutu lachiwiri la chikho panalidi dzanja lopanda mwini, lothera m'mkono. A Ulimbo analidziwa. Chala chake chaching'ono chinali chopindika, ndipo anachithyola ndi iwo omwe, atachiponda polimbirana mpira pokonzekera masewero. Linali dzanja la a Nyundo, amene anamwetsa ndi mutu chigoli chokhacho cha tsikulo.

Nthawi yomweyo a Tcheya analowa, foni ili m'manja. Anali mwini malole, munthu amene anayamba kuchemerera timuyi ali pa mapewa a bambo ake, ndipo chipindachi chinali maganizo awo.

"Mwadziona, a Ulimbo? Mnyamata wooneka bwino ameneyo."

"Ndadziona, bwana. Amene sindikumuona ndi Nyundo."

Nkhope ya a Tcheya inasintha. "Ameneyo si wathu. Anatisiya thukuta la fainolo lisanaume n'komwe. Anapita ku timu ya kutsidya kwa njanji, chaka chotsatira n'kudzatimwetsa ziwiri pabwalo lomwe lino. Malemu bambo anga sanadye masiku awiri. Pagolo panali inu nomwe. Mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Mpaka lero sitipatsana moni."

"Nanga vuto lili pati?"

"Vuto n'lakuti chigoli cha chikho ichi sindinamwetse ine, ndipo simunamwetse inu."

A Tcheya anatulutsa pepala m'thumba la jekete n'kuwapatsa. "Awa ndi mawu amene mudzawerenge Loweruka pamaso pa alendo. Komiti yagwirizana kale."

A Ulimbo analitalikitsa pepalalo kuti zilembo zioneke. Pofika pakati anawerenga mokweza: "Kutatsala mphindi khumi, timu yathu inapeza chigoli kuchokera pa kona." Anakweza maso. "Inapeza? Inachita kutola pamsewu?"

A Wazithunzi anatsokomola kuti abise kuseka.

"Achikulire, ine ndimakulemekezani," anatero a Tcheya motsitsa mawu. "Koma ntchito ya m'chipinda muno akuifuna ndi ambiri. Ndipo nyumba mukukhala kuseri kwa bwalo ija ndi ya timu. Kaganizeni bwino. Tionana Lachisanu."

Kunyumba anapeza akazi awo ali pakhonde, akusoka ukonde wa pagolo umene unang'ambika pa masewero apitawo. Anamvetsera nkhani yonse singano ili m'manja.

"Inu bambo, musandiseketse," anatero pomaliza. "Zaka zonsezi dzina la munthu ameneyu silitchulidwa m'nyumba muno. Ana anakula akudziwa kuti akalitchula, chakudya chiwawa. Lero mwasanduka loya wake?"

"Kudana naye ndi nkhani yanga. Kumufufuta ndi nkhani ina."

"Kusiyana kwake kuli pati?"

"Ine ndimadana naye chifukwa ndikudziwa chimene anali. Awa akufuna kuti ana obadwa mawa asadziwe kuti analiko. Chaona mnzako chapita, mayi. Kudzabwera tcheya wina amene sadzakonda mphuno yanga."

"Ndiye tikagona pagolo? Palibe denga paja."

A Ulimbo anakhala pa sitepe n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Mayiwo anawayang'ana kwa kanthawi, kenako analowa m'nyumba. Kunamveka kukhwekhwereza kwa sutikesi pansi pa bedi. Anatuluka ndi chithunzi chakale cha tsiku la chikho lija, chaching'ono, chofiirira m'mbali, anthu onse khumi ndi mmodzi alipo.

"Munandiuza kuti ndichiwotche, chaka chimene anakumwetsani ziwiri chija. Sindinawotche. Tsono musanagwetse denga lathu, pitani mukamuone kaye mwini dzanjalo. Mwina mukulira maliro amene mwini wake sakuwadziwa."

Lachinayi m'mawa a Ulimbo anakwera njinga n'kuwoloka njanji. Anafunsa njira kawiri. Nyumbayo inali kumapeto kwa mzere wa nyumba za fakitale, ndipo a Nyundo anali pampando pakhonde, bulangete lili pa mawondo. Matenda anali atawapha ziwalo mbali imodzi. Dzanja la chala chopindika lija linali pamwendo, lili chete.



"Kodi ndiwe, kapena maso akundinamiza?" anatero a Nyundo. Mawu ankatuluka molemera, mbali imodzi ya pakamwa. "Ngati wabwera kudzafuna mipira iwiri ija, ikadali mu ukonde mwako."

"Wachiwiri uja unali ofusayidi."

"Woimbira sanaone."

"Akanaona bwanji, poti anali mlamu wako?"

A Nyundo anaseka mpaka kutsokomola. A Ulimbo anatsamiritsa njinga pakhoma, anakoka chitini chimene chinali pafupi n'kukhalapo. Anafotokoza za chipinda, za pepala, za dzanja lotsala pa chikho. Za nyumba sanafune kunena, koma zinatuluka zokha.

A Nyundo anayang'ana kumsewu. "Kuno anandilonjeza ntchito ya ku fakitale. Ine ndinali ndi ana atatu, iwe mmodzi. Chikho sichiphikidwa, Ulimbo."

"Ukanandiuza. Tinkagona chipinda chimodzi pa maulendo onse, koma ndinamvera pa wailesi ngati mlendo."

"Ndinachita manyazi."

Panadutsa lole, fumbi n'kufika pakhonde. Onse anadikira kuti likhazikike.

"Kawerenge pepala lawolo," anatero a Nyundo. "Usataye nyumba chifukwa cha ine. Chithunzi sichindidzutsa pampando pano."

"Wakuuza ndani kuti n'chifukwa cha iwe? Usadzikweze. Ine sindinakukhululukire ayi. Koma kuti ndiime pamaso pa anthu, ndi imvi zangazi, n'kumanena kuti mpira unalowa wokha, zimenezo sizitheka. Ndinali kumbuyo kwako. Ndinauona."

"Unauona uli kutali. Ntchito yako inali yoimirira basi."

"Penate ija anagwira ndi agogo ako?"

Anakangana za penateyo mpaka dzuwa linafika pamutu. Pochoka, a Ulimbo anakonza bulangete limene linali litatsetsereka, ndipo sanatsanzike.

Lachisanu anapeza a Tcheya m'chipinda muja akuyang'anira anthu oika mipando. A Wazithunzi ankapukuta magalasi a zithunzi. A Ulimbo anavula chipewa, n'kupereka pepala lija ndi manja awiri.

"Bwana, mukandiimika pamaso pa anthu mawa, ndidzamutchula dzina. Ndati ndikuuzirenitu, mungadzati ndakuchitani chiwembu."

"Mwaganiza bwino?"

"Ndaganiza mpaka mutu kutentha."

"Munthu amene anakuchititsani manyazi pabwalo panu pomwe?"

"Yemweyo. Mukafuna, lembani pansi pa chithunzi kuti anatithawa. Ndikuthandizani kugwira makwerero. Zimenezo n'zoona. Koma lembaninso kuti anamwetsa."

Oika mipando aja anali ataima. A Tcheya anaona kuti anthu akumvetsera. "Timu iyi si ya munthu mmodzi. Mukalimbalimba, nanunso tikuchotsani pamenepo." Anatembenukira kwa a Wazithunzi. "Zingatheke pofika mawa?"

A Wazithunzi anakanda m'mutu. "Kutheka zitheka, bwana. Koma nawonso agwira khutu linalo. Chikho chitsala m'malere, ndi manja awiri opanda eni ake."

Mmodzi mwa oika mipando anathawira panja, mapewa akugwedezeka. A Tcheya sanaseke. Anatambasula dzanja.

"Makiyi."

A Ulimbo anamasula makiyi a chipindacho pa lamba n'kuwapereka. Anavala chipewa chawo, n'kupita kukasungunula laimu, chifukwa mizere ya bwalo inali isanathiridwe.

Loweruka magalimoto anayamba kufika cha m'ma naini. A Ulimbo ndi akazi awo ananyamula benchi la pakhonde pawo, wina uku wina uku, n'kukaliika kunja kwa geti, pamthunzi wa mpanda. Malowo sanali a timu, unali msewu wa aliyense. A Ulimbo anavala jekete lawo la ku tchalitchi, ndipo chithunzi chakale chija anachiika pa mawondo.

M'kati munamveka kuomba m'manja, kenako mawu a a Tcheya pa chimkuzamawu akuwerenga okha pepala lija. Patapita ola limodzi anthu anayamba kutuluka. Woyamba kuima pa benchipo anali mayi wina wa ku wailesi, kope lili m'manja.

"Pepani agogo, si inu muli pa chithunzi chachikulu chija? M'katimu anthu akungonong'onezana. Pa chikho pali dzanja, koma munthu wake palibe. Ndafunsa a komiti, akuti ndi vuto la makina."

"Makinawo ali ndi chala chopindika?" anafunsa a Ulimbo. Anatembenuza chithunzi chija. "Mwini wake ndi uyu. Tinkamutchula Nyundo. Khalani pansi, mayi."

Mayiwo anakhala. Kumbuyo kwawo kunaima madala awiri ovala masikafu a timu, ndipo mmodzi anati, "Ee, ndi yemweyo. Mutu ngati mwala." Mnzakeyo analavula pansi n'kunena kuti munthuyo anali wachinyengo, koma sanachoke. Ena anabwera kudzaona chimene anzawo akuona. Posakhalitsa chithunzicho chinkayenda m'manja mwa anthu, akazi a a Ulimbo akuchilondola ndi maso.

A Tcheya anatuluka akuperekeza alendo olemekezeka. Ataona gululo anawasiya pa galimoto n'kubwera okha. Anthu anawapatsa njira. Anayang'ana chithunzicho, chimene pa nthawiyo chinali m'manja mwa mlonda wa pageti, ndipo mlondayo anachibweza msangamsanga.

"Mwezi uno ukatha, nyumba ija muchokemo," anatero a Tcheya. Sanakweze mawu.

A Ulimbo anatsegula pakamwa, koma akazi awo anawatsogolera.

"Tamva, bambo. Makatoni tayamba kale kusonkhanitsa. Mwana wathu wamkulu watikonzera chipinda. Tsono tasunthani pang'ono, mukuwatchinga anthu."

A Tcheya anabwerera kwa alendo awo.

A Ulimbo anaika chala pa chithunzi. 

"Kunali kutatsala mphindi khumi," anatero. "Mvula inali itagwa, bwalo lonse matope okhaokha. Kona inachokera kumanzere. Otchinga kumbuyo awo anali atatu, onse aatali kumuposa. Ine ndili pagolo langa ndinangoona munthu wanyamuka. Lembani dzinalo bwino, mayi. Nyundo."