Mlatho wa Nambewe

Mwamuna wanga Nedson anamwalira nyengo yosankha fodya, ndipo tisanamete n'komwe mkulu wake Yosefe anali atanyamula kale laputopu, sipika ndi batire la sola. Ananyamula ine ndili m'nyumba ya siwa, maso ali otupa. Nditamufunsa anati, "Alamu, izi ndi zachimuna, ndikukusungirani." Kundisungira! Fisi anayamba liti kusunga mbuzi?

Njinga atatenga sindinalankhule. Jekete la kutchalitchi atatenga ndinangomuyang'ana. Koma mu laputopu muja munali mawu a mwamuna wanga, ndipo ine ndilibe kwina kowapeza.

Nedson ankakonda katuni ina ya ku Japan kuyambira ali mnyamata, akugwira ntchito m'sitolo ku Lilongwe. Dzina lake lenileni lilime langa silitha. Ife tinkangoti Mlatho wa Nambewe. Ndi nkhani ya mtsikana wolondera mlatho wa zingwe pakati pa mapiri awiri. Bambo ake anaphedwa ndi munthu wovala chisoti chachikulu chobisa nkhope, amene anathawa ndi lupanga lawo. Mtsikanayo sanamuthamangitse. Anangokhala pamlatho, podziwa kuti njira ndi yomweyo, tsiku lina adzabwera kudzawoloka. Magawo ake ndi ambirimbiri, ndipo Nedson ankawadziwa onse kuposa mmene ankadziwira mizere ya m'munda mwake.

Anthu a m'katunimo amalankhula Chijapani, ndiye iye ankaikamo mawu ake a Chichewa, ngati mmene amachitira madije a mafilimu. Ankadzitsekera m'kanyumba kosankhiramo fodya, masaka atapachika m'makoma kuti phokoso lisalowe, n'kumajambula mawu. Mtsikana uja anamutcha Nambewe. Mdani uja anali Bambo Chisoti. Mapiri aja anasanduka a Ntchisi ndi a Dowa, moti ankhondo a ku Japan ankakangana za mtengo wa feteleza. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, anthu a m'mudzi mwathu ankadzaza pakhonde kudzawonera.

Masaka aja sankaletsa mbuzi. Zinkakankha chitseko n'kuyamba kudya mawaya, iye n'kukuwa maiki ali kukamwa, "Faines, mbuzi zako izo!" Ine ndili panja ndinkayankha, "Zanga pothamangitsa, podya ndi zanu!" Sankafufuta. Ankati zimakometsa. Kenako anayamba kuchita dala, gawo lililonse nkhondo ikafika povuta ankandikuwira, mbuzi zilipo kaya palibe, ine n'kumuyankha.

Ndinkamunena, musaganize kuti ndinkaombera m'manja. Bambo wamkulu, wa ndevu zake, kumalira chifukwa cha zidole za maso ngati mbale! Koma munthu ukamasankha naye fodya chaka ndi chaka, iye akungokamba za Nambewe, nkhani imakulowa ngati katekisima. Gawo lomaliza lokha ndilo sanaikemo mawu. Ankati limafuna mtima wokhazikika, adzalichita tikagulitsa fodya. Anadwala, tinapita naye ku chipatala cha Mtengowanthenga, sanabwerere wamoyo.

Amayi a Chigwirizano anabwera kudzandipepesa. Nditawauza za laputopu anati, "Khululukani mayi, za pansi pano n'zotsala." Ndinati inde n'zotsala, ndiye zitsale kwa ine mwini wake, osati kwa Yosefe. Anayimba nyimbo n'kumapita.

Tsiku lina ndinapita ku Mponela kukagulitsa mtedza. Pobwerera ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, bambo wina wadazi dzina lake Agustino. Titangochoka pamsika, mbuzi zinadumpha msewu. Iye anagwira buleki n'kukuwa, "Faines, mbuzi zako izo!" Mnzake wina amene anaima pambali anayankha ndi mawu achizimayi onamizira, "Zanga pothamangitsa, podya ndi zanu!" Onse anaseka.

Ine ndinamugwira Agustino paphewa. Ndinati, "Imani kaye bambo. Mawu amenewo mwawatenga kuti?"

"Simudziwa mayi? Ndi za Nambewe! Ku vidiyo ya Dije Yoze, kuseri kwa zigayo. Mponela yense wapenga nazo. Ine ndasiya makasitomala kangapo chifukwa cha katuni imeneyo. Munthu ujatu ndi dolo, mawu onse aja amaika yekha."

"Yekha?"

"Yekha mayi. Ngakhale Faines uja akuti ndi iye yemwe, amangofinya kukhosi."

Ndinamuuza anditengere kumeneko. Sindinalowe. Ndinaima kuseri kwa chisakasa cha malata, ndipo kudzera m'mabowo a misomali ndinamva mwamuna wanga akulankhula. Munthu amene ndinamuika m'manda ndi maso angawa, akuseka, akutsokomola kachifuwa kake kaja, anthu akulipira pakhomo kwa Yosefe. Pachikwangwani analemba kuti "Mawu: Dije Yoze." Anaba katundu, anabanso pakamwa pa wakufa. Anabanso ine ndemwe, ndili moyo.

Ndinafuna kugwetsa chisakasa chija ndi manja. Koma ndikanalowa ndi ukali, akanati namfedwa wapenga, n'kundikankhira panja. Mawu a Yosefe ndi a Nedson amafanana, mimba imodzi, ndani akanandikhulupirira? Ndinafunsa Agustino kuti afika gawo liti. Atandiuza, ndinadziwa kuti magawo okhala ndi mawu atsala pang'ono kutha. Ndinapita kwathu kukakhala pamlatho wanga.

Sipanapite nthawi yaitali, Yosefe anatulukira. Anabwera pa njinga ya malemu, atavala jekete la malemu, shuga ndi sopo zili m'jumbo.

"Alamu, muli bwanji kuno? Ndati ndikuwoneni, mwakhala m'maganizo mwanga."

"Ndili bwino alamu. Jekete likukukhalani."

Anatsokomola. Anakamba za mvula, za msewu wa ku boma, za mwendo wake. Kenako anafika pomwe anadzera.

"Paja malemu ankakuuzaniuzani za zidole zake zija. Gawo lomaliza lija mulibe mawu. Ana ena kwathu akuvutitsa, akufuna adziwe mathero."

"Ana?"

"Ana basi, a neba."

"Nanga osangoliwonera bwanji, poti zipangizo mukundisungira ndinu?"

"Ndinayesa alamu. Mtsikana uja ndi wachisoti uja angokhala pamlatho, akumwa tiyi, kulankhula Chijapani osatha. Ine tulo tinandigwira. Mukudziwa ine za ana sindipirira nazo."

Ndinamudziwa Yosefe. Moyo wake wonse sanamalizepo chinthu, kaya mzere m'munda, kaya ulaliki m'tchalitchi. Ndinatsitsa maso ngati mkazi wofatsa, ndinapukuta ndi msozi womwe.

"Mathero ake ndi okoma alamu. Malemu ankalira akamawakamba. Bambo Chisoti uja akupepesa. Nambewe akumukhululukira, poti za pansi pano n'zotsala. Tiyi uja ndi wa chinkhoswe. Mukadzawona wavula chisoti, ndiye kuti akufunsira. Mukadzawona wapereka lupanga, ndiye mphatso ya ukwati. Nambewe akadzaimirira n'kupita kumapeto kwa mlatho, akukaitana abale ake. Pamenepo malemu ankati mpofunika nthungululu ndi nyimbo ya ukwati, mokweza."

"Ukwati! Anthu amakonda zimenezo," anatero akumwetulira. Anaiwala kuti amanena za ana a neba.

Shuga uja ndinalandira. Ndinamwera tiyi sabata yonse, osamva chisoni.

Loweruka masana ndinavala chitenje changa chakuda ndi mpango wakuda, ndinapita ku Mponela. Chikwangwani chinati gawo lomaliza, Dije Yoze alankhula pamaso pa anthu. Kujambula mawu sankadziwa, ndiye anayenera kugwira maiki pompo. Anthu anadzaza mpaka pakhomo: akabaza, onyamula katundu, amayi ogulitsa tomato, ngakhale aphunzitsi awiri amene anakhala kumbuyo ngati angosochera. Ndinalipira ngati wina aliyense, kulipira kuti ndiwone katundu wanga, n'kukhala pakona nditaphimba nkhope.

Yosefe anakhala kutsogolo m'jekete lija. Katuni inayamba. Poyamba zinkamuyendera, mawu aja amafananadi. Koma anthu anayamba kung'ung'udza. Nthabwala panalibe. Feteleza sanatchulidwe. Wina anakuwa, "Dije, lero mwadwala?" Iye anati ndi chimfine.

Bambo Chisoti anavula chisoti. Yosefe anati, "Nambewe, mtima wanga wakukonda, ndikwatire ndine." M'chisakasa munachita phokoso.

"Akwatiwe ndi wopha bambo ake?" anakuwa Agustino. "Nkhalamba imeneyo?"

"Chikondi sichiwona msinkhu!" anayankha Yosefe pa maiki, thukuta lili kamukamu.

Lupanga linaperekedwa. Nambewe anaimirira, nayenda mpaka kumapeto kwa mlatho. Yosefe anadzuka pampando, anayamba nyimbo ya ukwati, akuvina ndi mapewa, n'kuimba nthungululu ngati mayi wa mkwati. Ali pakati pa nthungululu, Nambewe anasolola lupanga, anadula chingwe choyamba, anadula chachiwiri. Mlatho unapendekeka. Bambo Chisoti anagwa m'phompho akukuwa, chisoti chake chikumutsatira pambuyo.

Nthungululu inafera kukhosi. Kenako chisakasa chinaphulika.

"Ukwati wake ndi umenewu?"

"Abale a mkwati ali kuphomphoko?"

"Iwe, nkhani waiyamba wekha sukuidziwa mathero?"

Yosefe anasowa pogwira. Anaganiza zodzipulumutsa ndi mawu amene anthu amawakonda. Anakuwa, "Faines, mbuzi zako izo!"

Ndinali nditadikira tsiku limeneli. Ndinavula mpango kumaso, ndinaimirira, ndinayankha ndi mawu anga onse, mmene ndinkayankhira ndili pamtondo:

"Zanga pothamangitsa, podya ndi zanu!"

Mitu yonse inatembenuka. Mawu amenewo anawamva gawo ndi gawo, ankawadziwa ngati a mayi awo. Agustino anatsegula pakamwa.

"Mayi a mtedza aja! Ndinu Faines?"

"Ndine. Amene mwakhala mukumumvera ndi mwamuna wanga Nedson, ali m'manda. Uyu ndi mkulu wake. Anatenga zipangizozi maliro ali m'nyumba. Jekete wavalalo ndi la malemu. Akuti Faines ndi iye, amafinya kukhosi. Alamu, tafinyani timve."

"Finya! Finya!" anthu anakuwa.

Anayesa, mutu wake! Chinatuluka ndi kulira kwa nkhuku yogwidwa ndi chitopa. Anthu anagwa m'mabenchi ndi kuseka, ena anayamba kumuponyera zisononkho za chimanga chootcha.

"Alamu, tikambirane kunyumba, izi ndi za pabanja," anatero, maiki atabisa kumbuyo.

"Za pabanja munazigulitsa pakhomo apa. Bweretsani maiki. Khalani pansi, pabenchi lakutsogolo, mumve."

Akabaza awiri anamukhazika. Ndinauza Agustino abweze katuni pomwe ayamba kumwa tiyi. Ndinali ndisanagwirepo maiki chibadwire. Koma nkhani ndinkaidziwa. Bambo Chisoti atavula chisoti, ndinawauza anthu zimene Nedson anandiuza tikusankha fodya: nkhope ija ndi ya mkulu wawo wa bambo ake a Nambewe, magazi amodzi. Anthu anati, "Aaa!" Popereka lupanga ndinamulankhulitsa kuti, "Mwana wanga, izi ndi zachimuna, ndimangokusungira." Kaya Chijapani chimatero, kaya ayi. Nedson ankati wogwira maiki ndiye mwini mudzi.

Ndiye Nambewe anayankha ndi pakamwa panga, maso anga ali pa Yosefe: "Mwasunga mokwanira, bambo aakulu. Tsopano imani pomwepo, musasunthe."

Zingwe zitaduka kachiwiri, anthu anaimirira, anaimba nthungululu yeniyeni. Amayi a tomato anandikumbatira. Yosefe anangoti zyoli, akuyang'ana nsapato zake.

Sindinachoke ndi laputopu yokha. Sipika, batire, mawaya onse, akabaza anamangirira panjinga zawo. Njinga ya malemu inali itatsamira pakhoma, Agustino anaikweza pamwamba pa katundu. Nditafika pakhomo ndinabwerera.

"Jekete."

"Alamu, pamaso pa anthu?"

"Munalivala pamaso pa anthu."

Anavula. Malaya a m'kati anali ong'ambika kukhwapa. Chikwangwani chija ndinachizula ndekha, ndinakachiponya m'ngalande.

Amayi a Chigwirizano anamva, anabweranso. Akuti ndinachititsa manyazi banja, akuti kubwezera n'kwa Mulungu. Ndinati n'zoona, koma tsiku limenelo Mulungu anatuma ine. Za kusudzula akuti abale a Yosefe akunyanyala, sabwera. Asabwere. Ine sindikuthamangira banja lina.

Zipangizo ndinazibwezera m'kanyumba ka fodya, masaka ali momwe anawasiyira. Jekete ndinalichapa kawiri kuti fungo la Yosefe lichoke, ndinalipachika pamsomali wake. Mmawa mwake nditachoka kumunda, ndinayatsa gawo lina, ndinakweza sipika mpaka kumapeto, ndinasiya chitseko chotsegula, n'kukakhala panja kusenda mtedza. Nkhondo itafika povuta, mwamuna wanga anakuwa m'kanyumbamo kuti mbuzi zanga izo.

Ndinamuyankha.