Galimoto Yokwerera ku Kvanndalen

Torleif Haugland anaizungulirazungulira galimoto yoyerayo, manja ali kumbuyo, mutu ataupendeketsa ngati mmene ankachitira posuzumira m'kamwa mwa odwala ake. Chinali chigalimoto chenicheni: mipando isanu ndi iwiri, matayala onse anayi okoka, msinkhu wake woti mkazi wake Ingunn anachita kuima ndi zala zakumapazi kuti aone mkati.

"Imeneyi mutha kunyamuka nayo Lachisanu lomwe lino," anatero wogulitsa magalimoto akusisita chitseko. "Matope, miyala, chipale chofewa, sidziwa zimenezo. Imangodutsa."

"Basi tatenga," anatero Ingunn. "Tiye, Torleif, ndikufuna ndikapeze sitolo ya nsomba asanatseke."

"Yoyera? Anthu aziti pakhomo pafika ambulansi," anatero Torleif.

Wogulitsayo anaseka kuseka kwa munthu amene wanunkhiza malonda aakulu. Anawatengera pa tebulo lake n'kuyamba kuwaonetsa pa kompyuta zimene akanatha kuitanitsa kufakitale: yobiriwira ngati masamba a paini, ya mipando yachikopa chofiirira, denga lagalasi. Inalipo ina yoti ukadina batani imagwada yokha, kuti munthu wa miyendo yofooka akwere mosavutika.

Torleif anagogoda tebulo ndi chala. "Wamva, Ingunn? Imagwada. Imeneyo ndiye ya Bambo."

"Ifika liti?" Ingunn anafunsa wogulitsayo, osayang'ana mwamuna wake.

"Mu Ogasiti, zikayenda bwino."

Apo n'kuti uli mwezi wa Meyi, chipale chikusungunuka m'mapiri.

Nkhani yonseyi inayamba ndi bambo ake a Torleif, a Arnfinn. Mkuluyu anathera moyo wake wonse pa ntchito yoboola mapiri ndi kulambula misewu, ndipo tsopano ankakhala kunyumba yosamalira okalamba ku Førde. Lamulungu lina, akupemerera khofi, ananena mosazungulira kuti akufuna kukaonanso kanyumba kawo kamatabwa ka kumapiri ku Kvanndalen, kamene anamanga ndi malemu akazi awo ana ali aang'ono.

"Kamodzi kokha," anatero. "Ndikangoona ngati denga likudontha."

Vuto linali msewu. Chakumapeto kwake kunali mtsinje wopanda mlatho, ndipo magalimoto wamba ankathera pomwepo, anthu n'kumalizitsa ulendo wapansi. Miyendo ya a Arnfinn inali itasiya kalekale maulendo otere.

Mtsinje umenewo Torleif ankaudziwa bwino. Atangoyamba kumene ntchito ya udokotala wa mano, anayesa kuwoloka ndi kagalimoto kake koyamba, koma kanakatitimira pakati penipeni, madzi kufika m'mawondo. Bambo ake anakamukoka ndi thirakitala yobwereka, ndipo nkhaniyo anakhala akuisimba pa Khirisimasi iliyonse. "Manja ozulira mano awa," ankatero, alendo ali kugwa ndi phwete. "Chiwongolero amachigwira ngati chili ndi chiseyeye." Torleif ankaseka nawo, koma pobwerera kunyumba ankangoti duu njira yonse.

Mlongo wake Gunnhild atamva za Ogasiti anaimba foni madzulo omwewo.

"Wapenga kodi? Oddvar wa kufamu kuja ali ndi galimoto yonyamulira nkhosa, imawoloka mtsinjewo tsiku lililonse. Wati tibwereke nthawi iliyonse yomwe tikufuna."

"Bambo akwere galimoto yonunkha ndowe za nkhosa?"

"Bambo anakulira mu ndowe za nkhosa. Amene zikukununkhirani ndi inuyo, adokotala."

"Ndi miyezi yochepa chabe, Gunnhild. Ndikufuna apite mwaulemu, atakhala bwino."

"Ukufuna akuone ukuwoloka mtsinje," anatero mlongo wakeyo, n'kudula foni.

Chaka chimenecho mvula ya ku Førde, imene siidziwa tchuthi, inapuma milungu yathunthu. Juni ndi Julayi anadutsa kumwamba kuli mbee, mitsinje itaphwa mpaka miyala kuonekera. Anthu ankakwera kumapiri Lachisanu lililonse, n'kubwerako atapsa ndi dzuwa. Torleif ankapita kukaona bambo ake Lamulungu masana, atatenga tizitumbuwa ndi tchizi chofiirira chimene iwo ankachikonda, ndipo moni wawo unali umodzimodzi.

"Yafika ngolo ya mfumu ija?"

"Posachedwapa, Bambo."

"Ukachedwa udzandinyamula ndili m'bokosi, iwe. Mipando yakumbuyo imapindika, eti? Ndiye bola, ndidzakwana."

Ankaseka onse awiri. Torleif ankawaonetsa chithunzi cha galimotoyo pa foni, iwo n'kuchiyang'ana pang'ono chabe, kenaka n'kuyamba kufotokoza za mbaula ya kukanyumba kuja, kuti imafuna nkhuni zouma kwambiri, apo ayi utsi umabwerera m'nyumba. Nsapato zawo zokwerera mapiri anali atauza anamwino kuti azitulutse m'kabati, aziike pafupi ndi chitseko.

Ogasiti atafika, wogulitsa uja anaimba ndi mawu opepesa: galimoto yachedwa padoko, mwina kumapeto kwa Seputembala. Tsiku limenelo Torleif anatenga foni, anapeza nambala ya Oddvar, anaiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anabweza foniyo m'thumba. Atadikira miyezi yonseyi, akakwere ya nkhosa yomweyo? Gunnhild akanati chiyani? Kunali kutatsala pang'ono basi.

Pakati pa Seputembala, mmawa wina, anamwino anawapeza a Arnfinn atakhala pansi pafupi ndi bedi, pakamwa patapotoka pang'ono. Adokotala anati kamtsempha kena ka m'mutu kanatsekeka. Sanagone m'chipatala nthawi yaitali. Mawu anabwerera, dzanja linabwerera, anayambanso kuyenda ndi chogwirira. Koma maina ankawathawa, ndipo masiku ena ankafunsa kuti akazi awo apita kuti. Torleif ankadziuza kuti ndi kutopa chabe. Akakangoona phiri lawo, zonse zibwerera m'malo mwake.

Galimoto inafika mu Okutobala, nsonga za mapiri zitayamba kale kuyera. Inali yokongola kuposa pa chithunzi. Aneba anatuluka kudzaiona, wina mpaka anavula chipewa mwanthabwala. Loweruka lotsatira Torleif anaiimika pakhomo penipeni pa nyumba ya okalamba, Ingunn ndi Gunnhild ali kumbuyo ndi dengu la chakudya. Namwino anatulutsa a Arnfinn atawaveka jekete lochindikala ndi nsapato zija. Torleif anadina batani, chigalimoto chija n'kugwada mwakachetechete. Mkuluyo anakwera popanda womunyamula.

"Zikomo kwambiri, adalaivala," anatero atakhazikika.

Onse anaseka. A Arnfinn anamwetulira mwaulemu, ngati munthu amene sanamve chomwe chaseketsa anzake.

Anatuluka m'tauni, nalowa msewu wa m'mbali mwa nyanja. Injini sinkamveka n'komwe. Torleif ankayembekezera chitonzo, chilichonse, kaya cha mtundu wa galimoto, kaya cha kagwiridwe ka chiwongolero. Mmalo mwake bambo ake anakhala mowongoka pampando, manja ali pamiyendo, mpaka pamene anatembenuka n'kufunsa:

"Ntchitoyi mwaigwira nthawi yaitali?"

Torleif anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Gunnhild anali atatseka pakamwa ndi dzanja.

"Bambo, ndine Torleif."

"Eya, Torleif. Dzina labwino. Ngati la mwana wanga." Anagwedeza mutu. "Ndi dokotala wa mano m'tauni muno. Mwina mumamudziwa. Manja ake ndi ena, inu. Anandichotsa dzino lachibwano ine osamva kanthu, ndinachita kufunsa ngati wayamba. Kungoti sindimuuza, angadzimve."

Chibadwire chake, bambo ake anali asanamutchulepo kuti inu. Torleif anatsegula pakamwa, koma Ingunn anamugwira phewa kuchokera kumbuyo, n'kulifinya pang'ono. Anangoyang'ana msewu.

Atasiya tala n'kuyamba kukwera msewu wamiyala, a Arnfinn anayamba kutakataka. Anasuntha uku, anasuntha uko, kenaka anaweramira kwa Torleif n'kunong'ona kuti azimayi akumbuyo asamve.

"Pepani, adalaivala. Ndikuganiza kuti ndakuonongerani mpando. Pansi pano pafunda."

"Ayi, Bambo, palibe chomwe mwachita. Mpandowu umatenthetsa wokha, ndi magetsi."

"Ndichapitsa. Mwana wanga akonza zonse."

"Simunaononge kanthu," anatero Torleif, n'kuzimitsa chotenthetseracho msangamsanga. Nkhope ya mkuluyo inali itafiira ndi manyazi, ndipo manyaziwo sanachoke msanga.

Mtsinje uja anaupeza utadzaza ndi mvula ya mwezi umenewo. Torleif anachepetsa liwiro, matayala analowa m'madzi, galimoto inagwedezeka pang'ono, basi anali kutsidya. Zinatha ngati kumeza malovu. Anacheuka kuti aone bambo ake. Iwo anali kalikiliki kulimbana ndi batani la jekete lawo.

Kanyumba kaja kanali pomwe kanali, matabwa ake atada ndi zaka, udzu wa padenga utauma. Torleif anaimika galimoto pafupi ndi khonde penipeni, pamene galimoto ina iliyonse ya banja lawo inali isanafikepo, n'kuthamangira kukatsegula chitseko cha bambo ake.

"Tafika, Bambo."

A Arnfinn anayang'ana kanyumbako nthawi yaitali. "Kwa ndani kuno?"

"Kwanu. Munamanga nokha, inu ndi Amayi."

"Ayi, tisamangolowa pakhomo pa eni ake iwo kulibe. Si khalidwe limenelo. Ine ndidikira momwe muno."

Gunnhild anayesa kuwanyengerera. Anawatchulira mbaula, anawatchulira bedi losanjikizana limene iye ndi Torleif ankalimbirana ali ana. Mkuluyo ankangomwetulira n'kupukusa mutu. Mapeto ake Ingunn anawathirira khofi m'galimoto momwemo, n'kukhala nawo pampando wa dalaivala, akucheza za nyengo.

Torleif anazungulira kuseri kwa nyumba. Anapeza Gunnhild akusanja nkhuni zimene zinagumuka ndi mphepo.

"Nena," anatero Torleif.

"Ndinene chiyani?"

"Zimene ukufuna kunena. Kuti unandiuza."

Gunnhild anaika chikuni pamulu, n'kupukuta manja pa thalauza. Maso ake anali ofiira, koma mawu ake anali ofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunamupweteka Torleif.

"Mu Julayi ndinafuna kuwatenga ndekha ndi galimoto ya Oddvar. Ndinafika mpaka pakhomo, makiyi ali m'manja. Anakana. Anati, 'Mnyamatayo wavutikira galimoto yake, tisamulande tsiku lake.'" Anatola chikuni china. "Tandithandiza apa, dzuwa likupita."

Anasanja nkhunizo limodzi. Atamaliza, Torleif analowa yekha m'kanyumbamo. Munkanunkha utsi wakale ndi chinyezi. Pakona ina, pamwamba pa tebulo, matabwa a denga anali atada ndi madzi. Anaima pamenepo kwa kanthawi, kenaka anatuluka n'kukhoma chitseko.

Potsika, a Arnfinn anali osangalala. Khofi anali atawatsitsimula. Anayamikira msewu, anati amene anaulambula ankadziwa ntchito yake. Atayandikira tauni, anagwira Torleif pamkono.

"Mukamuona mwana wanga, mumuuze asadandaule. Anati adzanditengera kuphiri, koma ntchito imamuchulukira. Tidzapita chaka chamawa, kukatentha."

"Ndimuuza," anatero Torleif.

"Musaiwale. Amaganiza kwambiri, ameneyo. Kuyambira ali mwana."

Pakhomo pa nyumba ya okalamba namwino anali akudikira ndi chogwirira chawo. Mkuluyo atatsika anayamba kupisapisa m'matumba, ili ndi ilo, nkhope itada nkhawa, mpaka anapeza kasuwiti ka chifuwa kokutidwa ndi pepala lofwifwa. Anakaika m'dzanja la Torleif n'kulitseka ndi lawo.

"N'zochepa, koma landirani. Mumayendetsa bwino."

Analowa pang'onopang'ono, namwino ali pambali. Pachitseko anacheuka n'kukweza dzanja, monga mmene munthu amatsanzikira dalaivala wa basi. Gunnhild anawatsatira kuti akawavule nsapato.

Torleif anatsala ataima pomwepo, kasuwiti kali m'manja. Kunali kutayamba kuwaza timvula tozizira. Ingunn anabwera n'kutambasula dzanja.

"Bweretsa makiyi. Ndiyendetsa ine."

Torleif anamupatsa makiyiwo. Anazungulira galimotoyo n'kukhala pamene panali bambo ake. Chotenthetsera chinali chozimitsa, koma mpandowo unali ukadali wofunda.